Musamutukwane wa pa Migowi, foni yanuyo inabwera ndi matenda ake

Pali mlandu umodzi womwe timauweruza mothamanga kwambiri kuno ku Phalombe, ndipo kawirikawiri timamanga munthu wolakwika. Foni yayamba kudzizimitsa, kapena yakakamira pa dzina la kampani osafuna kupitirira. Mwini wake waitengera kwa mnyamata wokonza mafoni pa Migowi, pa Chiringa kapena pa boma. Mnyamatayo waiflasha. Foni yayaka, koma ukaigwira pa sikirini siikumva chala. Kapena chala ikumva, koma Wi-Fi yasowa ngati sinayambe yakhalapo. Basi, chigamulo chatuluka: ndi mbava, ntchito saidziwa, wazula zipangizo zenizeni n'kuikamo za feki. Pofika madzulo nkhani ili pa gulu la WhatsApp, dzina lake ndi pomwe amaika benchi yake zonse poyera.

Ine chigamulo chimenechi ndikuchikana. Sindikuti okonza mafoni ndi angelo, ayi, nawonso ndiwafikira. Koma amene anachititsa kuti foni yanu ikalambe msanga, komanso kuti ikadwala pasapezeke woichiza, sanapondepo pa Migowi. Ali kutali, ndipo nkhani yake yagona pa kanthu kakang'ono kotchedwa module.

Kwa inu amene mumangodziwa kuflasha kwa "ndiimbire, ndilibe mayunitsi", kuflasha komwe ndikunena pano n'kwina. Ndi kufafaniza mapulogalamu oyendetsa foni n'kulembamo ena kuchokera pa kompyuta.

Foni iliyonse ya Android, kaya ndi Itel, Tecno, Infinix kapena Samsung, pansi pake penipeni pali Linux. Chaka chomwe napolo anatsika m'phiri la Michesi n'kusesa midzi, 1991, mnyamata wina wa pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, Linus Torvalds, ankalemba kapulogalamu kake kongodzisangalatsa nako. Lero kapulogalamu kajako kanakula, ndipo kali m'manja mwa ambiri a inu amene mukuwerenga izi. Pulogalamu ya mtundu umenewu imatchedwa kernel, ndipo ndiyo imayankhula ndi zitsulo za m'foni. WhatsApp siidziwa kamera, TikTok siidziwa sipika. Zimangopempha, pempholo n'kudutsa m'manja angapo mpaka kufika kwa kernel, iyo n'kukagogoda pakhomo pa chipangizocho.

Vuto n'lakuti chipangizo chilichonse chili ndi chiyankhulo chake. Ndiye kernel imafuna womasulira wa touch, wa Wi-Fi, wa batire, wa kamera. Womasulira ameneyu ndi driver. Zipangizo padziko zilipo zosawerengeka, ndipo kernel itati isenze ma driver onse nthawi imodzi ingafanane ndi wa kabaza amene wamangirira nandolo wa mudzi wonse pa njinga imodzi. Choncho kuyambira zaka za m'ma 1990 Linux inalola kuti driver izikhala payokha mu fayilo yakeyake, yomwe masiku ano imathera ndi .ko, izilowetsedwa ikafunika n'kutulutsidwa ikatha ntchito, makina ali chiyakire. Fayilo imeneyo ndiyo module.

Tsono module siyenda yokha. Mukalumikiza foni ku laputopu ya Linux ndi chingwe kuti mugawane bandulo, mafoni ambiri amafuna module yotchedwa rndis_host. Koma rndis_host imabwereka ntchito zina kwa cdc_ether, awiriwa amatsamira pa usbnet, nayo usbnet imatsamira pa kena kakang'ono kotchedwa mii. Mzati uyambe waima, kenako mtanda, kenako phaso, udzu pomaliza. Mukati mulowetse rndis_host yokha pogwiritsa ntchito lamulo la insmod, kernel imakubwezani ndi mawu akuti Unknown symbol. Tanthauzo lake: mwana uyu akuitana dzina la m'bale yemwe m'nyumba muno mulibe. Ma dongle aja tinkawatsomeka pa laputopu nawonso ankayenda chonchi, module ya option kudalira usb_wwan, usb_wwan kudalira usbserial.

Anthu a Linux vutoli analithetsa poyera, ndipo apa ndi pomwe ndimawavulira chipewa. Module iliyonse imalengeza mayina a ntchito zomwe ikupereka kwa anzake komanso zomwe ikufuna kwa anzake. Pulogalamu yotchedwa depmod imayenda khomo ndi khomo ngati mlembi wa amfumu polemba kaundula, n'kulemba fayilo imodzi, modules.dep, yonena kuti uyu amadalira uyu ndi uyu. Ndiye pali modprobe. Iyi mumangoiuza dzina limodzi, iyo n'kuwerenga kaundulayo, kuitana akuluakulu onse motsatana, mwana n'kulowa pomaliza. Potulutsanso pali dongosolo. Kernel imasunga chiwerengero cha amene akutsamira pa module iliyonse, ndipo siingakuloleni kuzula mzati denga likadali pamwamba. Lembani lsmod pa kompyuta iliyonse ya Linux, muona mzere wolembedwa Used by, pomwe aliyense akuoneka ndi omwe amusenzetsa katundu. Zikachitika kuti uyu akudikira uyo, uyonso akudikira uyu, ngati anthu awiri a banki m'khonde aliyense akuti ndibweza mnzangayu akayamba wandipatsa, depmod siikhala chete, imakuwa kuti yapeza kudalirana kozungulira. Palinso ubale wina womwe suoneka m'mayina, wakuti uyu amayenda bwino uyo akakhala atalowa kale. Umenewo munthu amaulemba yekha ndi mawu akuti softdep, koma amaulembabe pomwe aliyense angawerenge.

Sizithera pomwepo. Module imadindidwa chidindo cha kernel yomwe anaipangira, chotchedwa vermagic. Ma kernel ambiri amaikanso kanambala pa dzina la ntchito iliyonse kotsimikizira kuti kapangidwe kake sikanasinthe. Zikasiyana pang'ono pokha, module imakanidwa, uthenga wake n'kukhala Invalid module format. Ena amati uku ndi kuuma mutu kwa Linux. Ine ndikuti ayi. App ikalakwitsa imadzifera yokha, inu n'kuitsegulanso. Module imakhala m'kati mwenimweni mwa kernel, mopanda mpanda, imatha kukhudza chilichonse. Ikalakwitsa imagwetsa nyumba yonse, nthawi zina n'kuononga ndi mafayilo anu omwe. Amene anadyapo kalongonda wosapsa bwino satsutsana ndi mayi amene akuti madzi atayidwe kangapo.

Tibwerere pa benchi ija. Mafoni awiri akhoza kukhala ndi dzina limodzi, bokosi limodzi, mtundu umodzi, koma m'kati sikirini ya iyi inachokera ku fakitale ina, ya iyo ku fakitale inanso. Opanga amagula zipangizo komwe zapezeka ndi komwe zatchipa. Mapulogalamu a gulu loyamba akhoza kusakhala ndi driver ya sikirini ya gulu lachiwiri. Wokonza wathu watsitsa fayilo pa intaneti, fayilo yaikulu, pa netiweki ya kuno yomwe nonse mukuidziwa, ndipo dzina la foni likugwirizana ndithu. Watsegula SP Flash Tool, ngati chip yake ndi ya MediaTek, walemba. Foni yayaka chifukwa kernel ili bwino. Touch yafa chifukwa womasulira wake mulibe, kapena alimo koma anapangidwira kernel ina, kapena m'bale amene amamudalira sanabwere. Palibe chomwe chazulidwa. Chitsulo chili chonse, chikungosowa woyankhula nacho.

Ndiye ndifunse, akanadziwa bwanji? Pa bokosi sanalembe kuti m'foni muno muli sikirini yakutiyakuti, yofuna driver yakutiyakuti. Kapepala ka m'bokosi kamangokuphunzitsani kuika SIM. Kaundula wa m'foni momwemo, m'mafoni omwe ali naye, amangonena za omwe alipo, sanena za omwe akusowa. Kuti munthu apange module yosowayo, yogwirizana ndi kernel imeneyo, afunika source code, malemba oyambirira a pulogalamu omwe munthu angathe kuwerenga, kusintha ndi kumanganso. Malemba amenewo ndi omwe makampani ambiri a mafoni otchipa amawakhalira.

Apa ndi pomwe pamandiwawa, chifukwa malembawo si mphatso yoti tizichita kugwadira. Kuyambira 1992 Linux ili pansi pa chilolezo chotchedwa GPL. Mfundo yake ndi yosavuta: tenga ulere, sintha momwe ufunira, gulitsa ngati ukufuna, koma amene wamugulitsa umupatsenso source code, kapena umulembere lonjezo loti akaipempha umupatsa, lonjezo lokhala zaka zosachepera zitatu. Samsung, Sony ndi Motorola amaika source code ya ma kernel awo pa intaneti, umboni wakuti kutero sikugwetsa kampani. Ena amatenga ntchito ya anthu zikwizikwi osalipira kanthu, n'kuitsekera m'bokosi, n'kutigulitsa ife. Kudya pa maliro osapereka chipepeso n'komweko. Pa ma module okha pali mkangano wakale woti kodi module yotsekedwa imaphwanya GPL kapena ayi, ndipo maloya amasiyana maganizo. Koma kernel yenyeyo maganizo ake inaonetsa kale. Ntchito zina imazipereka kwa ma module a GPL okha, ndipo module yotsekedwa ikalowa, kernel imadzilemba kuti tainted, yadetsedwa, moti akatswiri ake ukawapititsira dandaulo la kernel yotere ambiri amakuuza kuti ukafunse mwini module.

Wina anena kuti, bwanji Linux isangosiya kusinthasintha kuti module yakale izilowabe? Greg Kroah-Hartman, mmodzi wa akuluakulu osamalira kernel, anayankha funso limeneli kalekale m'kalata yomwe ili m'gulu la malemba a kernel mpaka pano, yotchedwa stable-api-nonsense. Mfundo yake ndi yakuti m'kati mwa kernel zinthu ziyenera kusintha kuti zolakwika zikonzedwe, ndipo amene wasintha kanthu ali ndi udindo wokonza ma driver onse omwe amadalira kanthuko, bola akhale m'nkhokwe ya onse. Driver yomwe kampani yaipereka ku nkhokweyo imasamalidwa ndi anthu ena ngakhale kampaniyo itatseka. Driver yomwe yabisidwa imakalamba yokha, ndipo imakalambitsa foni yonse, chifukwa kernel siingasunthe osaisiya m'mbuyo. N'chifukwa chake foni yanu inalandira update kamodzi kapena kawiri n'kusiya. Chitsulo sichinatope. Palibe amene akufuna kulipira munthu woti amangenso ma module a foni yomwe anaigulitsa kale.

Google nayo inaona kuti zinthu zafika posauzana. Mu 2017, ndi Android 8, inabweretsa Project Treble yolekanitsa Android ndi mapulogalamu a opanga zitsulo. Mu 2021, ndi Android 12, inalamula kuti foni yatsopano yotuluka ndi kernel 5.10 kapena kuposa igwiritse ntchito kernel imodzi ya onse, Generic Kernel Image, ndipo za kampani iliyonse zikhale ma module olowera pa khomo lodziwika, lokhala ndi mndandanda wa mayina omwe salola kuti asinthe. Ndi chinthu chabwino, sindikana. Koma onani pomwe pali mpata. Mafoni otuluka ndi kernel yakale kuposa 5.10 lamuloli silinawakhudze, ndipo mukudziwa nokha mafoni amene amamangidwa pa zipangizo zakale amapita misika iti. Komanso lonjezo la khomo losasinthalo limagwira m'banja limodzi la kernel basi. Kudumpha kuchoka pa 5.10 kupita pa 6.1 kumafunabe kuti ma module amangidwenso, ndipo womanga ndi yekha uja ali ndi source code.

Ndikudziwa yankho lomwe likubwera, ndalimva kambiri: amwene, foni yotchipa ukufunanji, walipira zochepa walandira zochepa. Yotchipa kwa ndani? Kwa munthu wa ku London mwina. Kwa mayi wa ku Chitekesa amene wagulitsa mpendadzuwa wa chaka chonse kuti mwana wake akhale ndi foni, imeneyo ndi katundu wa mtengo wapatali kuposa zonse za m'nyumba. M'menemo muli Mpamba, muli Airtel Money, muli manambala a achibale a ku Johannesburg ndi ku Milange, muli zithunzi za satifiketi, muli ma notes a sukulu. Mu March 2023, Freddy atadula misewu ya ku Nkhulambe ndi madera ena, anthu ankafufuza abale awo pa foni, ndipo thandizo la achibale akutali linkadzera momwemo. Ndiye wina aziti chinthu chimenechi chife pakatha zaka ziwiri chifukwa ndi chotchipa? Kutulutsa source code sikuwonjezera mtengo wa galasi kapena batire. Malembawo alipo kale, ali pa kompyuta ya kampani, chifukwa popanda iwo foniyo sikanapangidwa.

Komwe anthu anakwiya n'kulemba malamulo zinthu zinasintha. Ku European Union, kuyambira pa 20 June 2025, foni yogulitsidwa kumeneko iyenera kulandira ma update kwa zaka zosachepera zisanu kuchokera pomwe asiya kuigulitsa, ndipo zipangizo zosinthira zizipezeka kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Google inalonjeza zaka 7 pa Pixel 8 mu 2023, Samsung n'kulonjezanso chimodzimodzi pa Galaxy S24 mu 2024. Kotero n'zotheka. Amene angathe kugula foni yatsopano chaka chilichonse ndi amene apatsidwa foni yokhalitsa, ife amene timagula kamodzi n'kupempherera tapatsidwa yofota msanga. Lamulo la ku Ulaya lija silifika pa Mulomba.

Yankho lina ndi lonyoza: ngakhale atatulutsa, ku Phalombe angawerenge source code ndani? Funso limeneli limandiseketsa chifukwa limafunsidwa ndi anthu omwewo amene amamwa mankhwala osadziwa kuwapanga. Sikofunika kuti tonse tiwerenge. Pafunika mmodzi, kaya ali ku MUST ku Thyolo, ku MUBAS ku Blantyre, ku Lagos kapena ku Jakarta, amene ali ndi foni yofanana ndi yanu. Iye akamanga, tonse tapindula. LineageOS ndi postmarketOS ndi ntchito za anthu ongodzipereka otere, ndipo zimapatsa moyo watsopano mafoni omwe makampani awo anawaiwala. Mukayang'ana mndandanda wa mafoni a LineageOS muona kuti mwadzaza omwe source code yake inatulutsidwa, pomwe ambiri mwa omwe ali m'matumba mwathu kuno mulibe. Ndipo tisamadziderere. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, a Baobab Health ku Lilongwe anatenga timakina ta i-Opener tomwe kampani yake ku America inali itasiya kupanga, n'kutisandutsa makompyuta ogwira ndi chala olembera odwala m'chipatala. Zinatheka chifukwa timakinato tinkalola kutsegulidwa ndi kulembedwamo zina.

Tsopano kwa inu achimwene a pa benchi, poti ndinalonjeza. Kukutetezani sikutanthauza kuti mukuchita zonse bwino. Ambiri a inu mankhwala anu ndi amodzi, matenda alionse "tiiflashe", ngati sing'anga wa mphini. Musanalembe kanthu m'foni ya munthu, yambani mwakopera zomwe zilimo, chifukwa mapulogalamu omwe inabwera nawo ndi okhawo omwe mukutsimikiza kuti ali ndi ma driver oyenera. Yerekezani build number yonse, osati dzina la pa chivundikiro lokha. Ndipo muuzeni mwini wake chilungamo musanayambe, kuti bwana, iyi ikhoza kuyaka touch osagwira, mukuvomera? Mawu amenewo okha angakupulumutseni ku gulu la WhatsApp lija. Laputopu yakale yomwe ili pansi pa tebulo ikeni Linux, madzulo kukakhala phee muzisewera ndi lsmod, modinfo ndi dmesg. Tsomekani dongle, muone ma module akulowa motsatana, muchotse imodzi, muwerenge momwe kernel ikudandaulira. Pa foni zina mwa izi n'zotsekedwa, koma amene wazimvetsa pa laputopu akaona touch yakufa saganizanso zosintha galasi lomwe lilibe vuto. A TEVETA nawonso, pophunzitsa ntchito imeneyi, kuwotcherera kokha sikukwana. Theka la matenda a foni ya lero silioneka ndi maso.

Koma katundu wamkulu asasenzetsedwe wa pa benchi. Tili ndi MACRA yomwe imavomereza zipangizo zolumikizirana zolowa m'dziko muno. Tili ndi Malawi Bureau of Standards, tili ndi Competition and Fair Trading Commission, tili ndi CAMA yoyankhulira ogula. Pempho langa kwa iwo si lalikulu. Foni isanavomerezedwe, kampani inene poyera kuti ma update idzapereka mpaka chaka chiti, zilembedwe pa bokosi monga amalembera tsiku lothera ntchito pa paketi ya mkaka, ndipo isonyeze pomwe source code ya kernel yake ikupezeka. Chachiwirichi si lamulo latsopano n'komwe, kampaniyo inavomera kale tsiku lomwe inatenga Linux. Msika wa Malawi wokha ndi waung'ono, zoona, koma mafoni omwewa ndi omwe akugulitsidwa ku Zambia, ku Mozambique, ku Tanzania ndi ku Nigeria. Mabungwe a maiko amenewa atafunsa funso limodzi, yankho lingabwere msanga.

Inu ogula, mphamvu yanu ili pa kauntala, ndalama zisanachoke m'manja. Muuzeni wogulitsa ayatse foniyo. Pitani ku Settings, About phone, mufufuze pomwe alemba Kernel version, m'mafoni ambiri pamakhala pansi pa Android version. Mukaona 4.14, dziwani kuti osamalira Linux anasiya kuikonza mu January 2024. Mukaona 4.19, imeneyo anaisiya mu December 2024. Foni ikhoza kukhala m'pulasitiki, yonunkhira fakitale, kamera zitatu kumbuyo, koma mtima wake unaikidwa kale m'manda. Yang'ananinso tsiku la security update pomwepo. Ngati wogulitsa akuti foni ndi yatsopano koma tsikulo ndi la zaka ziwiri zapitazo, mufunseni kuti update yotsatira ibwera liti, ndipo muime pomwepo mpaka ayankhe.